Lole ya Nkhuku ya Doña Fior

Lole ya nkhuku inabedwa Lachisanu m'mawa, dzuwa lili poyera, kuseri kwa lesitilanti ya Tambala Wofiira m'tauni ya Moca. Amuna awiri anafika pa njinga yamoto, nkhope zili m'zisoti. Wamfupi anatsitsa dalaivala ndi mfuti. Wamimba anapita kwa Yokasta, manijala wa malowo, n'kutambasula dzanja kuti apatsidwe makiyi a geti. Posakhalitsa lole inali itapita, ndi nkhuku za m'firiji za sabata yonse, ndi matumba a ufa wokazingira wochokera ku America.

Lesitilantiyo ili ndi eni awiri. Dzina, ufa ndi malamulo ndi za kampani ya ku America. Malo, nyumba ndi thukuta ndi za mayi ake a Yokasta, Doña Fior Taveras, amene anayamba ndi kukazinga nthochi pa ngodya yomweyo. Azungu atafuna kugula malowo, anawauza kuti, "Mukafuna ngodya yanga mutenge ndi ine ndemwe." Anamutenga, ndipo sanadandaulepo. Mafuta amasinthidwa nthawi yake, antchito amalipidwa, pansi pamawala.

Koma tsikulo a Pichardo, oimira kampani ku likulu, anaimba foni mawu ali owuma.

"Doña, akuluakulu akuti wakubayo ndi wa m'kati mwanu. Katundu akapanda kupezeka, chikwangwani cha kampani tidzachotsa."

"Muchotsa ndi makwerero a ndani? Khalani pafupi ndi foniyo."

Sajeni Almánzar anafika akupukuta thukuta. Dalaivala anati sanaone nkhope. Yokasta nayenso anati sanaone kanthu, koma ankayankha akuyang'ana nsapato zake. Doña Fior anamukokera kukhitchini n'kutseka chitseko.

"Iwe, wapolisi ungamunamize, ine ayi. Ndi ndani?"

"Amayi, ndisiyeni."

"Uli ndi ana awiri koma khofi ndingakupatsebe. Ndi ndani?"

Yokasta anayamba kulira. "Atatambasula dzanja ndinaona chala chopindika. Pakamwa panangoyankhula pokha. Ndinati, 'Ndidalitseni, padrino.'"

"Ndiye?"

"Anayankha. Anati, 'Mulungu akudalitse, mwanangu.' Kenako anatukwana m'chisotimo."

Kuno munthu sakumana ndi padrino wake, bambo amene anamuimira pa ubatizo, osapempha dalitso. Ngakhale atamera imvi. Padrinonso sangakhale chete. Lilime limayankha mutu usanaganize. Ndipo padrino wa Yokasta anali Eladio Bencosme, wogulitsa nkhuku yokazinga pafupi ndi msika, amene makasitomala ake anathawira ku Tambala Wofiira.

"Sindingawanenere kupolisi, amayi. Ndi tchimo."

"Tchimo ndi kubwera ndi mfuti kwa mwana amene unamunyamula m'tchalitchi. Pukuta nkhopeyo. Wonenera ndine."

Kunyumba kwa Eladio, Doña Fior ndi sajeni anapezako mkazi wake yekha, akuti bambo apita kumaliro. Maliro a ndani, sanadziwe. Lole inapezeka yopanda kanthu m'munda wa nthochi, pa msewu wa ku Salcedo. Sajeni anakanda m'mutu.

"Doña, tiyeni tidikire Lolemba. Abwera yekha ameneyu."

"Nkhuku idikira Lolemba? Magetsi anazima kalekale dera lonse lino. Amene ali ndi nkhuku zanga akuwotcha dizilo mu jenereta pompano."

Anatsika m'galimoto ya polisi n'kupita pamthunzi pamene amuna a kabaza amadikirira anthu. Amenewo amadziwa amene wagula chiyani m'tauni yonse.

"Ndani wanyamula zigubu za dizilo lero?"

"Doña, kukumbukira kumafuna m'mimba muli kanthu," anatero wamkulu wawo, Nicanor.

"Ntchafu imodzi ndi nthochi zokazinga."

"Ziwiri."

"Imodzi, ndipo sindikauza mkazi wako kumene umaimika njinga Loweruka."

Anzake anaseka mpaka kugwira m'mimba. Nicanor analoza ndi milomo chakum'mawa. Anati wapititsa zigubu ku fakitale yakale ya ayezi, ija inatsekedwa mwini wake atapita ku New York.

Jenereta anaimva asanafike. Apolisi anazungulira kumbuyo. Wamfupi uja anayesa kulumpha mpanda, thalauza inakodwa pa waya, anamutsitsa ngati chovala chapachingwe. Doña Fior sanadikire kuuzidwa. Anakankha chitseko chachitsulo n'kulowa.

Eladio anali pakati pa makatoni, thumba la ufa litatsegulidwa, akulawa ndi chala.

"Wapezamo chiyani, kompadre?" anafunsa Doña Fior, kumutchula monga kholo limatchulira padrino wa mwana wake.

Eladio anatsitsa dzanja. "Mchere ndi tsabola basi, komadre. Anthu andithawa chifukwa cha mchere ndi tsabola."

"Anthu akuthawa mafuta ako a mwezi wathunthu. Ndinakuuza ubwere udzayang'anire khitchini yanga. Unati sungavale kachipewa ka azungu."

"Mfuti ija inalibe zipolopolo."

"Mwana wanga ankadziwa zimenezo?"

Sajeni anamanga Eladio unyolo, kenako anayang'ana makatoniwo maso ali gwa.

"Katundu yenseyu ndi umboni, Doña. Apita kupolisi."

"Kupolisi kuli firiji?"

"Tiona chochita."

"Chochitacho ndikuchidziwa. Pofika Lamlungu umboni udzakhala mafupa okhaokha. Tengani katoni imodzi."

"Woweruza adzafuna zisanu."

"Woweruza ali ndi shuga, sadya zokazinga. Ziwiri, ndi thumba lotsegulalo. Zotsalazo jambulani ndi foni."

Sajeni anapumira m'mwamba n'kutulutsa foni. Doña Fior anatulutsanso yake.

"A Pichardo, nkhuku zapezeka, zikadali zolimba ngati miyala. Wakuba si wantchito wanga. Muwauze azungu anu kuti pa ngodya yanga pakufunika alonda awiri m'mawa uliwonse, olipira iwowo."

"Doña, zimenezo tiyenera kukambirana."

"Takambirana kale. Ndikupita kukakazinga."

Akumukweza m'galimoto, Eladio anatembenuka. "Komadre, mukalankhuleko ndi woweruza. Ndife abale pamaso pa Mulungu."

Doña Fior anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndife abale, n'zoona. N'chifukwa chake m'ndendemo sugona ndi njala. Mpunga, nyemba ndi nyama zizikupeza masana alionse. Koma kwa woweruza ndikanena zonse, ndipo ndikanena mokweza."

Khoti la ku Moca linamupatsa zaka zisanu, mnzake zisanu ndi ziwiri. Chikwangwani chikadali pa ngodya paja, alonda awiri ali pansi pake. Masana alionse Nicanor amanyamula mbale yokutidwa ndi nsalu kupita nayo kundende. Za mtengo wa ulendowo anakangana ndi Doña Fior sabata yathunthu, ndipo amene anagonja ndi Nicanor.