Imfa m'Chipinda cha Mbewa Zoyera

Loweruka lina m'mawa, mu Juni 1996, Insipekita Laurenti Alufandika anafika pa labu ina yaing'ono yochitira kafukufuku wa mankhwala ku Chitawira. Dokotala Deborah Mhango anali thasa pansi m'chipinda chosungira mbewa zoyera, magolovesi akadali m'manja, bala lalikulu kunkhongo. Zenera linali loswa, ndipo makina oonera tizilombo anali atasowa.

"Akuba awa, bwana," anatero Sajeni Majidi. "Chibwerere matipate, anyamata sakuopanso munthu."

Alufandika anaona kuti magalasi oswekawo anagwera panja, osati m'kati. Wakuba wanji amaswa zenera ali kale m'nyumba?

Amene anapeza mtembo anali Zelipa, mayi wosamalira mbewazo.

"Adokotala ankatani ndi mbewa zonsezi?" anamufunsa.

"Ankazigoneka tulo, n'kuzing'amba pachifuwa, n'kuzisokanso," anayankha Zelipa. "Kenako ankayeza mmene mtima ndi minofu zikudyera shuga ndi mafuta. Ankati mpeni ndi mantha pazokha zimasintha thupi, ngakhale mbewa isalandire mankhwala."

"Analipo amene anayambana nawo?"

"A Bonifasi, alonda. Anawachotsa ntchito chifukwa cha mowa."

Majidi anakamugwira Bonifasi ku Bangwe, koma zinangotha m'madzi. Lachisanu lonse, tsiku limene adokotala anaphedwa, bamboyo anali kumanda, akukumba nawo dzenje la mlamu wake, ndipo adzukulu onse anamuikira umboni.

Kunatsala Flexon Nyirongo, wofufuza mnzake wa malemuyo, mnyamata waulemu amene ankayembekezera kupita kunja kukachita maphunziro apamwamba. Iyeyu anabwera yekha kupolisi.

"Lachisanulo ine ndinaweruka masana, bwana, n'kupita kwathu ku Chilomoni," anatero. "Ndinawasiya akukonzekera opaleshoni. Anali ngati mayi anga."

Mayankho ake anali osalala kwambiri, ndipo Alufandika sankakhulupirira zinthu zosalala. Anabwerera ku labu. M'kabokosi kofunditsa, pafupi ndi tebulo, munali mbewa imodzi yamoyo, bala lake likadali laliwisi. Anaitembenuza mosamala. Bambo a Alufandika anali telala wapakhonde ku Nsanje, choncho msoko ankaudziwa kuyambira ali mwana. Theka la msokowo linapendekera kwina, theka linalo kwinanso.

"Adokotala ankalemba ndi dzanja liti?" anafunsa Zelipa.

"Lamanzere."

"Kupatula iwowo, ndani amatha kusoka mbewa pano?"

"A Flexon okha."

Lolemba, m'chipinda chofunsira mafunso, Alufandika anaika kabokosi kaja patebulo. Flexon atakaona, nkhope inagwa.

"Achimwene, masiku ano sitimenya munthu kuti aulule," anatero insipekitayo modekha. "Ndingokufunsani. Mayi Mhango anafa asanamalize kusoka mbewa iyi. Mbali iyi anasoka wamanzere, mbali iyi wamanja. Kodi ku Blantyre kuno kuli wakuba amene angaphe munthu, n'kukhala pansi kumaliza opaleshoni?"

"Mwina Zelipa..."

"Zelipa sagwira singano. Ndiponso makina anasowa aja a Majidi awapeza m'thanki ya madzi kuseri kwa labu. Wakuba akanakagulitsa."

Flexon anayang'anitsitsa mbewayo. Kenako anapumira m'mwamba.

"Zaka zanga zonse zinathera pa mankhwala amodzi," anayamba. "Ndinapeza kuti mbewa zolandira mankhwalawo mtima wake umasiya mafuta n'kuyamba kudya shuga. A kunja anandiitana chifukwa cha zimenezo. Kwathu ku Rumphi anapha kale mbuzi yonditsanzika. Ndiye adokotala anang'amba mbewa zina osazipatsa kalikonse, n'kupeza zomwezomwezo. Sanali mankhwala anga ayi, unali mpeni ndi mantha basi."

"Ndiye?"

"Ndinawapempha kuti adikire ndiyambe ndanyamuka. Ndinagwada pansi, bwana, ine mwamuna. Iwo osacheuka n'komwe, akungosoka. Anati, 'Mwana wanga, mankhwala amenewa tsiku lina adzapatsidwa kwa munthu wodwala mtima. Lolemba ndiwauza a kunjawo.' Pakona panali botolo lachitsulo la mpweya. Sindikudziwa kuti ndinalinyamula bwanji."

"Nanga mbewayi munaisokeranji?"

"Inayamba kutsitsimuka chifuwa chili chotsegula. Kamtima kake kankagunda ndikukaona. Sindikanatha kuisiya ivutike chomwecho."

Alufandika anamuyang'ana. Pa zaka zake zonse za upolisi anamvapo zambiri, koma zotere anali asanazimvepo.

"Dokotala wathu wa mitembo akuti Mayi Mhango sanafe nthawi yomweyo," anatero pang'onopang'ono. "Pamene inu munkasoka mbewa, iwo anali akupumabe pamapazi panu. Chipatala chili pafupi ndi labuyo."

Flexon anatambasula yekha manja, Majidi n'kumuveka unyolo.