Tambula ya Malemu Greyson

Inu amene mumati zausiku ndi nkhani za anthu osapita kusukulu, khalani pansi mumve za Mayi Luwiza, eni bala pa Kamwendo, mayi oti Fomu 4 anakhoza osabwereza.

Tambulayo anaigula kwa Anasi, mdzukulu wa malemu Greyson, bambo amene anakalamba akuperekera azungu zakumwa pa esiteti ya fodya. Inali yobiriwira, yolemera, ya mwendo wautali ngati kakowa. Mayi Luwiza anati tambula yotere si yomwera mowa wamba. Aipangira chakumwa chakechake, choti madalaivala a mathiraki azichitchula mpaka ku Chipata.

Anasakaniza jini, bwemba, uchi ndi mandimu, n'kutsekera tambulayo m'kabati kuti zilowerere. Kutacha anapeza chakumwa chatayidwa pasimenti, tambula yatsukidwa mbee, yavundikiridwa pa kansalu kopinda bwino, loko ali chitsekere. Mawa lake chimodzimodzi.

Mphekesera inawanda yoti mayiwo akudyetsa ndondocha kuti alemere. Mathiraki anayamba kudutsa osaima.

"Mayi, tambulayo kaiponyeni m'chimbudzi," ananong'ona Lameki, mlonda wawo. "Usiku ndimamva mapazi kuseri kwa kauntala."

"Ine? Inu gwirani chibonga chanu panja, a Lameki."

Usiku umenewo anakhala okha m'balamo, magetsi atazima, mdima wa ndiwe yani. Thiraki yomaliza italowera kuboda, kabati inalira kwiii. Kunamveka madzi akukhuthukira pansi, kenaka kansalu kakupukuta galasi pang'onopang'ono, fungo la fodya wouma lili guu.

"Mandimu achuluka, dona," mawu a nkhalamba anatero pafupi ndi khutu lawo.

Mayi Luwiza pakamwa sanagonje. "Ndiye mukunditayiranji jini? Osangonena bwanji?"



Anachepetsa mandimu. Usiku wotsatira mawu aja anati, "Uchi wa m'sitolo ayi, wa mumng'oma." Anatumiza wa ku Dambe. Kenaka, "Bwemba muzisefa, dona. Mukufuna alendo atsamwe?"

Anasi atamva anagwira pakamwa. "Agogo anaitsuka tambula imeneyo moyo wawo wonse, osaloledwa kulawa ngakhale dontho."

Tsiku limenelo Mayi Luwiza sanatsekere kanthu. Anadzaza tambula, anaiika patebulo la pakona, nakoka mpando.

"A Greyson, lero simuli pantchito. Khalani."

Mumdimamo mpando unalira ngati wakhalidwa. Kutacha simenti inali youma, tambula yopanda kanthu, yosatsuka.

Lero mathiraki amandanda pa Kamwendo, madalaivala akuitanitsa chakumwa chija: "Greyson" mmodzi, ena awiri. Mukawafunsa mayiwo zimene anapindula, sachita manyazi.

"Bala yanga yadzazanso, dzina langa lafika ku Chipata, ndipo ndapeza kasitomala mmodzi wosalipira amene sajomba. Ayi achimwene, mpando wa pakonawo musakhalepo. Afika kale."