Nkhunda Ziwiri za Esinala

Esinala anali mtsikana wa kwa Kasisi, ku Chikwawa. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Esinala ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna nkhunda zakezake.

Pakhomo pawo panali khola la nkhunda. Kholalo linali m'mwamba, pa mitengo inayi. Munali nkhunda zakuda. Munali nkhunda zotuwa. Munali nkhunda zamawangamawanga. Pansi pake pankayenda nkhuku ndi abakha. Koma zonsezo zinali za amayi.

M'kholamo munali nkhunda yaimuna, yonenepa. Abambo anaitcha Kapitawo.

"Amayenda ngati kapitawo wathu wa ku munda wa nzimbe," ankatero abambo. "Chifuwa patsogolo, maso pa anzake."

Kapitawo ankayamba ndiye kudya. Ankayamba ndiye kumwa. Ankayamba ndiye kulowa m'khola. Nkhunda zina zinkangomupatsa njira.

Tsiku lina kunabwera amalume a Jeremiya. Anachokera ku Chapananga pa njinga. Fumbi linali mpaka m'nsidze. Kumbuyo kwa njinga anamangako chitete. M'chitetemo munali nkhunda ziwiri.

"Esinala, mwana wa mlongo wanga, izi ndi zako," anatero amalume.

Esinala anagwada. Analandira ndi manja awiri. Mtima wake unagunda ndi chimwemwe.

"Zikomo kwambiri, amalume," anatero.

Nkhunda ina inali yoyera mbee. Esinala anaitcha Thonje. Ina inali yofiirira. Anaitcha Mchenga.

"Koma tamvera," anatero amalume. "Nkhundazi zimakumbuka kwawo. Zikauluka n'kubwerera ku Chapananga, sindibweranso nazo. Miyendo yangayi yatopa ndi njinga."

Amalume atapita, Esinala anathamangira ku khola. Ankafuna kutsekula chitete pomwepo.

"Dikira kaye, mwanawe," anatero amayi. "Alendo salowa m'khola tsiku lomwelo."

"Chifukwa chiyani, amayi?"

"Tione kaye ngati alibe matenda. Ndiponso azionana ndi anzawo. Azolowere mawu. Azolowere pakhomo. Ukatsekula lero, amenyana."

"Ndidikire masiku angati?"

"Masiku asanu ndi awiri."

Amayi anapachika chitete pansi pa khola, pamthunzi. Esinala anatola njere za masau zisanu ndi ziwiri. Anaziika pa zenera. Tsiku lililonse ankachotsapo imodzi.

Tsiku loyamba, Esinala anathira mapira m'chitete. Anathira madzi m'phale. Anachotsa njere imodzi.

Tsiku lachiwiri, anathira mapira. Anathira madzi. Anachotsa njere ina.

Tsiku lachitatu kunatentha kwambiri. Dzuwa la ku Chikwawa silichita masewera. Mbuzi zinabisala pansi pa ngolo. Abakha anagona kukamwa kuli yasa. Amayi anali ku dimba. Abambo anali ku nzimbe.

Esinala anasuzumira m'chitete. Thonje anamuyang'ana. Mchenga anamuyang'ananso. Esinala anamva chisoni.

"Mwatopa, eti?" anafunsa. "Tulukani pang'ono chabe. Amayi sadziwa."

Anatsekula kachitseko. Thonje anatuluka. Anatera pansi. Anaona mapira m'phale la nkhunda zonse. Anajompha kamodzi.

Koma phale limenelo linali ndi mwini wake.

Kapitawo anatupitsa khosi. Anazungulira kamodzi. Anazungulira kawiri. Kenaka anamujompha Thonje pamutu. Nthenga yoyera inagwa pansi.

Phaphapha! Thonje anauluka. Anadutsa denga. Anadutsa mtengo wa masau. Anakatera pamwamba penipeni pa mlambe. Anayang'ana kumadzulo. Kumadzulo ndiye ku Chapananga.

Esinala anatseka chitete msangamsanga. Mchenga anatsala mkati. Esinala anachita mantha. Misozi inalengeza m'maso.

"Thonje, tsika," anaitana. Thonje sanatsike.

"Thonje, chonde tsika." Thonje sanacheuke n'komwe.

Mwana wina akanagenda mwala. Mwana wina akanalira mokweza. Pamenepo Thonje akanapita ndithu. Koma Esinala anapukuta misozi. Anakhala chete. Anamvetsera.

M'chitete, Mchenga ankalira. "Kukuu. Kukuu."

Pamwamba pa mlambe, Thonje anapendeketsa mutu.

"Akumva mnzake," ananong'ona Esinala.

Anatsitsa chitete bwinobwino. Anachinyamula mpaka pansi pa mlambe. Anaika phale la madzi pafupi. Anawaza mapira. Anamanga chingwe pa kachitseko. Kenaka anakhala pansi, chingwecho chili m'manja.

"Kukuu," analira Mchenga. Thonje anatsika nthambi imodzi.

Thukuta linayenderera pa nkhope ya Esinala. Esinala sanalipukute.

"Kukuu," analira Mchenga. Thonje anatsika nthambi ina.

Nyerere zinakwera pa phazi la Esinala. Imodzi inamuluma. Zinawawa. Esinala sanadzikande. Mwana ameneyu analimba mtima zedi.

"Kukuu."

Thonje anatera pansi. Anamwa madzi. Anajompha mapira. Anayenda mpaka pa chitete, nasuzumira mnzake. Esinala anatsekula kachitseko pang'onopang'ono. Thonje analowa. Esinala anatseka.

Madzulo amayi anabwera ndi mtolo wa masamba. Anaona nthenga yoyera pansi. Anayang'ana Esinala.

"Amayi, ndinatsekula chitete," anatero Esinala. "Ndinalakwa. Kapitawo anamujompha Thonje. Thonje anathawira pa mlambe."

"Nanga watsika bwanji?"

"Ndinapita ndi Mchenga kuti amuitane."

Amayi anaona phazi lotupa ndi nyerere. Sanakalipe. Anamusisita pamutu.

"Wachita zanzeru kumapetoko," anatero. "Koma Thonje waopsedwa. Tiyambirenso kuwerenga."

Esinala anapita pa zenera. Anabwezera njere zonse. Zinakhalanso zisanu ndi ziwiri. Zinamuwawa mumtima, koma sanadandaule.

Masiku amenewo Esinala ankakhala pafupi ndi khola. Ankayang'anitsitsa. Nkhunda zakuda zinkabwera kudzasuzumira m'chitete. Zotuwa zinkabwera. Zamawangamawanga zinkabwera. Naye Kapitawo ankabwera, chifuwa patsogolo. Tsiku lililonse khosi lake linkatupa mocheperako.

Esinala anaonanso chinthu china. Kapitawo sankachoka pa phale la mapira. Ankalilondera ngati lake lokha.

"Amayi, phale ndi limodzi," anatero Esinala. "N'chifukwa chake amamenya anzake. Bwanji tiike mapale awiri?"

"Tayesa tione," anatero amayi.

Esinala anapeza phale lina. Analiika kutali, pafupi ndi mtengo wa masau.

Njere zinatsala zitatu. Zinatsala ziwiri. Inatsala imodzi. Kenaka pa zenera panalibe njere.

"Titsekule dzuwa likapendeka," anatero amayi. "Nthawi imeneyo nkhunda zimafuna kudya ndi kugona. Sizifuna ulendo."

Dzuwa linapendeka. Abambo anafika kuchokera ku nzimbe, malaya ali bii. Anakhala pa mpando kuti aonerere. Esinala anathira mapira m'mapale onse awiri. Anatsekula kachitseko.

Mchenga anatuluka. Thonje anatuluka. Anapita pa phale la pansi pa masau.

Kapitawo anawaona. Anathamangira kumeneko. Atacheuka, anaona nkhunda zina zikudya m'phale lake. Anathamangira uko. Atacheukanso, Thonje ndi Mchenga akudya. Anathamangira kuno. Anathamangira uko. Anathamangira kuno.

Abambo anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Akapitawo, minda iwiri simungaithe," anatero.

Kapitawo anatopa. Anaima pafupi ndi Thonje, akupuma wefuwefu. Anayang'ana Thonje. Anayang'ana mapira. Njala inapambana. Anaweramitsa mutu n'kuyamba kudya. Thonje anadya naye phale limodzi.

Zitakhuta, nkhunda zonse zinauluka pamodzi. Phaphapha! Zinadutsa denga. Zinadutsa mlambe. Zinalowera kumadzulo.

Esinala anagwira chitenje cha amayi. Anaona kadontho koyera m'mwamba. Kankachepa, kankachepa.

"Amayi, akupita ku Chapananga," anatero ndi mawu aang'ono.

"Tadikira," anatero amayi.

Esinala anadikira. Kudikira anali atakuphunzira tsopano.

Gulu lija linakhota. Kadontho koyera kanakhota nalo. Kanayamba kukula. Nkhunda zinatera pa khola, imodziimodzi. Kapitawo analowa. Zakuda zinalowa. Zotuwa zinalowa. Mchenga analowa. Thonje anaima pakhomo pang'ono, kenaka analowa nayenso.

Esinala analumpha ndi chimwemwe. Abambo anamunyamula m'mwamba.

Patapita mwezi, amalume a Jeremiya anabweranso, fumbi mpaka m'nsidze.

"Kwathu ndakhala ndikuyang'ana kumwamba," anatero. "Sindinaone nkhunda yoyera. Sindinaone yofiirira. Kodi zilipo?"

"Zilipo, amalume. Taziitanani."

Amalume anaimba likhweru, lija ankaziitanira kwawo. Thonje anasuzumira ali pa khola. Mchenga anasuzumira. Palibe anatsika.

Esinala anagogoda phale ndi chala. Go, go, go. Thonje anatera pa phewa lake. Mchenga anatera pa mapazi ake.

Amalume anagwira pakamwa. Kenaka anaseka.

"Zandiiwala ine mwini wake wakale," anatero. "Mlongo wanga, mwana uyu amadziwa kusunga alendo."

"Amadziwa," anatero amayi monyadira.

Esinala anathamangira m'nyumba. Anabwera ndi chitete chija. Anachipereka ndi manja awiri.

"Amalume, tengani chitete chanu," anatero. "Thonje ndi Mchenga si alendonso. Kwawo ndi kuno."