Njala Imene Rosalia Anadzipangira Yekha

Ku Mpanshya, chapafupi ndi msewu wopita ku mishoni, kunali nyumba ya malata imene anthu ankaidziwa chifukwa cha kuseka. Inali ya Ba Festus Chabwela ndi akazi awo Ba Dorcas. Ba Festus anali mlimi wa chimanga, ndipo Lamulungu ankaimba besi mu kwaya. Ana awo anali awiri: Sydney, amene ankaphunzitsa ku Chinyunyu, ndi Rosalia, amene anali atangomaliza giledi 12. Rosalia anali mtsikana wathupi labwino, wamasaya, wokonda nthabwala, ndipo pa nkhani ya kuvina panalibe womuposa m'parishi monse.

Ba Festus anali munthu wamkulu thupi. Akakwera njinga, chishalo chinkalira kuchokera pakhomo mpaka kumunda. Tsiku lina mutu unawavuta, ndipo kuchipatala anawapeza ndi kuthamanga kwa magazi. Namwino wina, Ba Charity, anawayeza zonse, kenaka anawakhazika pansi.

"Ba Chabwela, thupi ili lakulemerani. Shuga mulibe, choncho pali njira imene tingayese. Muzidya kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 18 koloko madzulo. Nthawi ina yonseyo, madzi ndi tiyi wopanda shuga basi. Koma ikakwana nthawi yodya, idyani zenizeni: nyemba, chibwabwa, nshawa, kapenta. Mwezi uliwonse muzibwera ndikukwezeni pa sikelo. Mukamva chizungulire musadikire mwezi."

Sabata yoyamba ya kusala kumeneku inali chisudzo. Ba Festus ankabwera kumunda msanga n'kukhala pakhonde maso ali pa wotchi.

"Dorcas, wotchi iyi yafa!"

"Siinafe. Ndi mimba yanu imene ikuthamanga."

"Nanga 9 koloko ingakhale 9 koloko kwa ola lathunthu?"

Rosalia ankagubuduka ndi kuseka. Koma patapita miyezi itatu, Ba Festus anaboola lamba wawo kawiri ndi msomali wamoto. Chitunda chimene kale ankakankhapo njinga anayamba kuchikwera akuimba. Mutu unasiya kuwawa, ndipo Ba Charity anawawombera m'manja.

Chisangalalo china chinabwera pamwamba. Sydney analengeza kuti mu Seputembala adzakwatira Nomsa, mtsikana wa ku Chinyunyu. Akwati awiriwo anasankha Rosalia kuti adzatsogolere mzere wa ovina pa phwando. Tsiku limenelo Rosalia anavina kuchokera kukhitchini mpaka ku khola la nkhuku.

Atsikana a mu mzere anapita kwa Ba Agness, telala wa pamsika, kukayezetsa madilesi. Pakati pawo panali Purity, mnzake wa Rosalia kuyambira giledi 1, komanso Jessy, msuweni wa Nomsa wochokera ku Lusaka, wa zikhadabo zazitali ndi foni yosachoka m'manja. Ba Agness atazunguliza tepi m'chiuno mwa Rosalia n'kutchula nambala, Jessy anaimba kamluzu.

"Iwe mwandi, ndiwe uzankala kusogolo? Uzatiphimba tonse, sitizaoneka pa vidiyo!"

Atsikana ena anaseka. Rosalia nayenso anaseka, koma mawuwo anamulowa ngati munga. Ali panja, Jessy anamukokera pambali n'kumuonetsa zithunzi za atsikana a ziuno zonga za mavu.

"Namvela ati ba tata bako bamasala. Koma ija ni ya madala. Ise tima chita masiku yabili, yatatu, manzi chabe. Mu mwezi umozi uzankala monga aba."

Rosalia anabwerera yekha m'shopu. "Ba Agness, dilesi langa mulichepetseko. Muchotse zala zinayi."

Telalayo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwana iwe, ine ndimadula nsalu kuti ikwane munthu. Sindinaonepo munthu akudzidula kuti akwane nsalu."

"Amai ndiwo anena," anayankha Rosalia. Limenelo linali bodza loyamba, ndipo linatuluka mosavuta moti mwini wake anadabwa.

Madzulo anauza makolo ake kuti akufuna kumasala ngati atate ake.

"Ukudwala chiyani?" anafunsa Ba Dorcas. "Atate ako anawayeza kaye. Pita kwa Ba Charity, zimene akanene ndi zomwezo."

M'mawa mwake Rosalia anatuluka, anakakhala kwa maola awiri pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa sukulu, n'kubwerera akumwetulira. "Andilola, Amai."

Kuyambira pamenepo mabodza anayamba kuberekana. Kunyumba ankati wadya kokonzekera gule. Kokonzekera gule ankati wadya kunyumba. Amai ake akamuikira chakudya, ankapita nacho kuchipinda, n'kuchiponyera galu pawindo. Galuyo, amene kale ankaoneka nthiti, anasalala mpaka kumachita ulesi kuuwa alendo.

"Pali chodabwitsa pakhomo pano," anatero Ba Festus tsiku lina. "Galu akunenepa, mwana wanga akuonda. Rosalia, tabwera kuno."

Mtsikanayo anaima patali, maso ali pansi.

"Ine ndimasala kuti ndikhale ndi moyo, ndidzanyamule ana a Sydney. Ndipo ikakwana nthawi, umaona wekha mmene ndimadyera. Iwe ukusalira chiyani?"

"Atate, inu mwaonda anthu akukuyamikirani. Ine ndikaonda ndi mlandu?"

"Kuonda si mlandu. Kubisa ndiko kukundiopsa."

Rosalia analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko, chinthu chimene chinali chisanachitikepo m'nyumba imeneyo.

Masaya anaphwa. Ena pamsika ankamuuza kuti wasintha, iye n'kumayenda ngati sakuponda pansi. Koma nthabwala zake zinatha, m'malo mwake munalowa ukali ndi kunyoza. Jessy anamutumizira kudzera pa minibasi timapaketi ta tiyi wotsegula m'mimba, ndipo Rosalia ankamwa mobisa. Pokonzekera gule ankapuma pafupipafupi, akunamizira nsapato.

Tsiku lina kokonzekera gule Purity anabwera ndi vitumbuwa viwiri m'pepala. "Tenga chimodzi, Roza."

"Idya wekha. N'chifukwa chake uli ngati thumba la fetereza."

Purity anapinda pepala lake bwinobwino n'kukakhala kumapeto kwa benchi. Misozi inagwera pa chitenje chake.

Ba Dorcas anayesanso kutatsala sabata imodzi. "Mwanawe, ndakubereka ndine. Nkhope iyi si ya munthu amene akudya. Mawa tipitire limodzi kuchipatala."

"Ukwati ukatha, Amai. Manje ntchito yachuluka."

Ndipo ntchito inalidi yochuluka. Kunali kusinja, kufulula munkoyo, kulandira alendo ochokera ku Shikabeta ndi ku Lusaka, mpaka Ba Dorcas anaiwala za chipatala. Kuyambira Lachinayi Rosalia sanalawe kanthu.

Loweruka linafika ndi dzuwa loswa mtengo. Dilesi linamukwana, zipi inakwera popanda kulimbana. Misa inayenda bwino, Ba Festus anaimba besi mpaka mabenchi kunjenjemera, ndipo amai a mu mpingo anaimba nthungululu Sydney atamuveka Nomsa mphete. Rosalia ankaona timadontho takuda tikuuluka patsogolo pake, koma anadziuza kuti ndi kutentha chabe.

Phwando linali mu holo yodzaza mpaka m'mawindo. Nyimbo inayamba, zitseko zinatseguka, ndipo Rosalia analowa patsogolo pa mzere. Anthu anaimirira. "Ndi uyo! Mwana wa Ba Chabwela!" Anaponya phazi lamanja, lamanzere, anatembenuka kamodzi. Potembenuka kachiwiri, holo yonse inatembenuka naye. Phokoso linapita kutali, ndipo anagwa chafufumimba, pakamwa n'kumenya ngodya ya tebulo la akwati.

Nyimbo inazima. Woyamba kufika anali Purity, amene anamutukula mutu n'kutseka magazi ndi mpango wake. Sydney analumpha tebulo ndi suti yake yatsopano n'kunyamula mlongo wake. Ba Charity, amene anali pakati pa oitanidwa, anasiya mbale yawo n'kuthamangira ku galimoto kuti apite naye kuchipatala.

Rosalia anatsitsimuka ali pa bedi la chipatala, botolo la madzi likudonthera m'mkono, mlomo utasokedwa. Lilime lake linapeza mpata pamene panali dzino lakutsogolo. Makolo ake anali chiimire pambali, akadali ndi maluwa a ukwati pachifuwa.

"Unadya liti komaliza?" anafunsa Ba Charity.

Rosalia anayang'ana kukhoma.

"Koma si inu munamulola kusala?" anatero Ba Dorcas. "Anabwera kwa inu mwezi watha."

"Kwa ine? Mwana uyu sanapondepo mu ofesi yanga. Akanabwera ndikanamubweza, chifukwa thupi lake linalibe vuto lililonse."

Ba Dorcas anakhala pansi pang'onopang'ono. Pamenepo Rosalia analira, ndipo zonse zinatuluka: mtengo wa mango, galu, tiyi wa Jessy, bodza la kwa telala.

"Tamvera," anatero namwinoyo. "Zimene amachita atate ako zili ndi malire, ndipo pali wowayang'anira. Iwe unkangodzipha ndi njala. Madzi ndi mchere zinatha m'thupi mwako. Mtima ukanatha kuima pomwe paja, lero tikanachotsa maluwa mu holo n'kupita nawo kumanda."

"Atate, Amai, ndakulakwirani. Ndawononga ukwati wa achimwene."

Ba Festus anapukuta m'maso ndi tayi. "Ukwati sunawonongeke. Ukanawonongeka ukanapita iwe. Koma bodza, mwanawe, usadzalilowetsenso m'nyumba mwanga."

Asanamalize, kunja kunamveka nyimbo. Inkayandikira, pamodzi ndi ng'oma ndi nthungululu. Ba Dorcas anatsegula windo n'kugwira pakamwa. Nomsa anali atakana kudula keke mlamu wake ali kuchipatala, choncho ukwati wonse unayenda wapansi kuchokera ku holo. Mkwatibwi anali patsogolo atakwinya dilesi lake loyera m'manja, kwaya pambuyo, ndipo amene ankatsogolera ovina anali Purity. Odwala amene akanatha kuyenda anatuluka pakhonde n'kumawomba m'manja. Mlonda anayesa kuwaletsa, koma posakhalitsa nayenso mapewa anayamba kugwedezeka.

"Mphindi zisanu zokha!" anakuwa Ba Charity. "Kuno ndi kuchipatala!" Koma ankanena akuseka.

Keke anaidulira pansi pa windo. Nomsa anapereka chidutswa choyamba kwa Rosalia, namwino n'kuchilanda. "Uyu ayamba ndi phala. Keke mawa."

Rosalia anaitana Purity ndi dzanja. Mawu ankatuluka movutikira pa mlomo wotupawo. "Ndinakunyoza, koma ndiwe unayamba kunditola. Undikhululukire."

"Ndinakukhululukira uli pansi paja," anatero Purity. "Koma masitepe ako ndi ovuta, ndatsala pang'ono kugwa nanenso."

Jessy yekha ndiye sanabwere. Amene anatsala mu holo anasimba kuti anamuona akumaliza mbale yachiwiri ya nkhuku ndi mpunga. Atamufunsa za Rosalia anangoti, "Ine sininamukakamize," ndipo m'mawa mwake anakwera minibasi yoyamba.

Rosalia anagona m'chipatala masiku atatu. Mphamvu zinabwerera pang'onopang'ono, ndipo panatenga miyezi kuti azidya popanda mantha. Ba Charity ankacheza naye sabata iliyonse, amai ake ankadya naye mbale imodzi, ndipo Rosalia anapita kukalapa kwa wansembe. Dzino lokha silinabwerere.

Nyengo ya Lenti itayandikira, atsogoleri a achinyamata anamupempha kuti alankhule kwa anzake. Anaimirira kutsogolo, koma atangoti "kusala," mpweya unadutsa pa mpata wa dzino uja n'kulira ngati wezulo ya mpira. Achinyamata anafa ndi kuseka, Rosalia n'kuseka nawo mpaka kugwira m'mimba.

"Sekani," anatero atapuma, "koma mluzu umenewu ndinaupeza ndi kunyada ndi bodza. Aliyense wa inu akafuna kusintha kadyedwe, ayambe wafunsa kuchipatala, ndipo makolo ake adziwe."

Inunso amene mukuwerenga, chenjezo ndi lomweli. Kusala kochitika poyera, ndi malire, motsogozedwa ndi odziwa za umoyo, kungathandize munthu amene akufunikira thandizolo. Koma kudzimana chakudya mobisa pofuna kutamandidwa ndi tchimo la kunyada, ndipo kumayenda ndi bodza, kunyoza anzako ndi kusamvera makolo. Thupi lanu ndi mphatso ya Mulungu, musalizunze chifukwa cha mawu a munthu wodutsa. Rosalia anataya dzino limodzi n'kupulumuka. Si onse amene amagwa chotero n'kudzukanso.