Dzina Limene Chompu Anafuula

Chompu anali mtsikana waulemu. Anali ndi khumbo limodzi. Ankafuna kudziwa nyama zonse za mu ngalande.

M'mawa wina bambo ake anamukweza m'bwato. Ankapita kumsika wa pamadzi kukagulitsa mango.

Bambo anapalasa. Chompu anayang'ana.

"Kakowa!" anatero Chompu.

"Walasa," anatero bambo.

"Kamba!" anatero Chompu.

"Walasanso."

Kutsogolo kunatulukira bwato lina. M'bwatomo munali a Sanit, mphunzitsi wamkulu. Aliyense ankawaopa. Bambo anaphatikiza manja, nawerama.

Chompu sanawerame. Maso ake anali pamadzi. Kumbuyo kwa a Sanit kunali mutu wakuda. Mutuwo unatulutsa lilime lalitali.

Chompu analoza chala. "Hia!" anafuula.

Nkhafi ya bambo inagwera m'madzi. Mayi wina wogulitsa nthochi m'bwato lapafupi anagwira pakamwa. Ngalande yonse inangoti zii.

M'chilankhulo cha kumeneko, hia ndi ng'azi. Koma hia ndi chitukwanonso chachikulu. Mawu amenewa satuluka pakamwa pa mwana woleredwa bwino. Chompu sankadziwa zimenezi.

"Mwana wa yani ameneyu?" anafunsa a Sanit. "Wanditukwana! Wandilozanso chala!"

"Pepani, aphunzitsi, pepani," anatero bambo. "Iwe Chompu, wandichititsa manyazi. Tikubwerera. Bwato sudzakweranso."

Mtima wa Chompu unagunda. Sadzaonanso kakowa! Sadzaonanso kamba!

Koma sanalire. Anaphatikiza manja, nawerama.

"Aphunzitsi, sindikunena inu. Chonde, tacheukani."

A Sanit anacheuka. Ng'azi inali itakwera kale m'bwato mwawo. Inali yaitali ngati munthu. Inali kumeza nsomba zawo zowamba.

"Hia!" anafuula a Sanit.

Mayi wa nthochi anagwiranso pakamwa. Bambo anatong'ola maso. Ng'azi inalumphira m'madzi, phava!

A Sanit anazyolika.

"Mwanawe, ndinakuweruza ndisanacheuke," anatero. "Ndalakwa. Koma tamvera. Nyama imeneyi anthu aulemu amaitcha Siliva ndi Golide. Tanena."

"Siliva ndi Golide," anatero Chompu.

"Inunso aphunzitsi, tanenani!" anakuwa mayi wa nthochi.

"Siliva ndi Golide," anatero a Sanit chapansipansi.

Bambo anavuula nkhafi yawo. Bwato sanalitembenuze. Anapalasa kulunjika kumsika.

Atafika, anasenda bango lakupsa. Analidula pakati. Mbali yaikulu anapatsa Chompu.

"Ukhululuke, mwana wanga. Inenso ndinafulumira kukwiya."

Chompu anadya. Kenaka anafunsa mwaulemu.

"Bambo, kodi aphunzitsi nawo sadzakweranso bwato?"

Bambo anayesetsa kulimbitsa nkhope. Analephera. Anaseka mpaka bwato linagwedera, ndipo Chompu anagwiritsitsa dengu kuti mango asagwe.