Mkaka Wokwanira Mwana Mmodzi

Madzulo amenewo anali ngati madzulo ena onse m'wodi ya amayi amene ana awo anabadwa masiku osakwana. Mabedi asanu ndi atatu, fani imodzi yakufa, zovala zonyowa zili yanikeyanike pazitsulo za kumiyendo.

Ana sankagona ndi amayi awo. Ankakhala ku nasale, kumapeto kwa khonde lalitali, aliyense m'kabokosi kake, kachubu kali pamphuno. Ntchito ya mayi inali imodzi. Pakatha maola atatu alionse apite kumeneko, akhale pabenchi ya pakhomo, afinyire mkaka m'kapu, amatepo pulasitala ya nambala ya mwana wake, asiye kapuyo pathireyi. Kumwetsa inali ntchito ya anamwino.

Pabedi lachitatu pankagona mayi wina wosoka zovala, amene onse ankamuitana kuti Wotchi. Dzinalo linabwera ndi thukuta. Chichirireni, usiku uliwonse 3 koloko ili pafupi, moto unkamuyaka pachifuwa n'kukwera m'khosi mpaka m'makutu. Ankadzidzimuka ali chonyowa ngati wagwera mumgolo, pulasitiki ya matiresi itasunga madzi pamsana pake. Kenako kuzizira, mano ali gwedegwede. Ndiye poti tulo tathawa kale, ankazungulira mabedi kudzutsa anzake.

"Iwe Wotchi, ukadzatuluka muno ife tidzatani?" ankatero Amake Mapasa, mayi wamkulu wa pabedi loyamba. "Tidzakubwereka kwa amuna ako."

"Adzakupatsani ulere. Ndani akufuna kugona ndi mpopi?"

Ankaseka nawo, koma mumtima munali china. Kapu iliyonse inali ndi mizere iwiri, ndipo mwana ankafunika mkaka wofika pamzere wachiwiri. Wake unkafika movutikira, atafinya mpaka misozi. Mwana akapanda kukwera sikelo, kunyumba sapita. Apongozi ake anali atanena kale kuti thukutalo ndi limene likumwa mkaka.

Atafunsa namwino wamkulu, iye anapukusa mutu. "Ayi mayi. Ndi madzi amene thupi linasunga muli oyembekezera. Akutuluka. Amayi ambiri zimawachitikira, ndipo zimatha zokha. Muzingomwa madzi ambiri."

Mawu amenewo Wotchi anawagwira ndi manja awiri. Wina aliyense akadzuka chonyowa, ankamuuza zomwezo ngati mlaliki: ndi madzi chabe, zimatha zokha.

Pabedi la pazenera pankagona mtsikana wamng'ono kuposa onse, woluka tsitsi, amene anamupatsa dzina loti Mzime. Nthawi yoona odwala palibe ankabwera kudzamuona. Mwana wake anali nambala seveni. Mkaka anali nawo ngati mvula: kungokhudza, kapu yadzaza. Koma tulo take tinali ta mwala.

Madzulo amenewo Mzime ankaluka Wotchi, atamukhazika pansi pakati pa mawondo ake. Atafika pakati pa mutu anasiya.

"Mutu ukundiwawa, achemwali. Timaliza mawa."

"Undisiya chonchi? Mbali ina mkwatibwi, mbali ina wamisala?"

Mzime anaseka pang'ono n'kudzikoka kukagona. "Mundidzutse ndithu. Ndikakana mundikoke mwendo."

Moto uja unafika pa nthawi yake. Wotchi anadzuka, anasintha malaya, anadzutsa onse. Atafika pazenera anapeza Mzime ali thukuta kamukamu, pilo yonse yonyowa. Anamugwira pachipumi. Panali potentha kwambiri. Mtsikanayo ankanjenjemera, akupuma mothamanga.

"Nawenso zakupeza," ananong'ona Wotchi. "Takulandira, mng'ono wanga."

Anamupukuta kumaso ndi thaulo lake. Anamufunditsa nsalu youma. Anakumbukira kuti pakati pa usiku mtsikanayo anasiya makapu awiri odzaza, ndiye anati apumeko lero. Ku nasale anauza namwino kuti, "Wa seveni watopa, mkaka wake ulipo kale."

Pa 6 koloko m'mawa Mzime sanadzuke. Anamukoka mwendo, anamuitana, anamuwaza madzi. Kunabwera anamwino akuthamanga ndi machira a matayala. Dzuwa lisanalowe, wokolopa anabwera kudzachotsa zofunda pabedi la pazenera.

Namwino wamkulu anaima pakati pa wodi, mawu ake ali otsika. Anati matenda analowa m'chiberekero n'kufalikira m'magazi. "Amayi inu, thukuta la uchembere limakunyowetsa, koma thupi limazizira msanga. Mukaona mnzanu thupi lili moto osazima, akunjenjemera, muzitiitana. Ngakhale usiku. Makamaka usiku."

Sanayang'ane munthu. Wotchi anamanga mpango pamutu wake woluka theka uja, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Usiku umenewo sichinali chifundizi chimene chinamudzutsa. Linali dzanja. Linamugwira pakakolo, lonyowa, lozizira, n'kukoka pang'ono.

Anatsegula maso. Wotchi ya pakhoma inkati 2 koloko. Onse anali m'tulo. Kumiyendo kwa bedi lake kunaima munthu wovala malaya ogonera omata pathupi. Madzi ankadontha kumpendero kwa malayawo. Tho. Tho. M'dzanja anali ndi kapu.

"Achemwali, nthawi."

Wotchi anafuna kukuwa, koma mawu anakana. Anangopezeka wavala masilipasi, watenga kapu yake, akutsatira.

Khonde lija linali lalitali kuposa masana. Babu imodzi inkaphethira. Mzime ankayenda patsogolo, osatembenuka, mapazi ake osamveka. Chinkamveka ndi madzi okha. Tho. Tho.

Anakhala pabenchi onse awiri monga ankachitira. Mzime anamasula mabatani, anayamba kufinya. Anafinya, anafinya. M'kapu munkagwa madzi oyera mbee.

"Ukukana kutuluka," anatero, modabwa ngati mwana. "Wanga ali ndi njala. Mkaka wam'chitini akuusanza. Mukumumva?"

Mkatimo kamwana kena kankaliradi, kamawu kake ngati ka mphaka.

Mzime anataya madzi aja pansi n'kusendeza kapu yake. Pulasitala inali pomwepo: seveni. Sanapemphe. Anangodikira.

Wotchi anafinya wake. Utafika pamzere woyamba, anathira wonse m'kapu ya seveni.

Amake Mapasa ndiwo anamupeza pa 3 koloko, ali yekha pabenchi, mawere ali pamtunda, akuyang'ana khoma. "Iwe, lero watithawa? Tikanagona mpaka kucha!" Ataona nkhope yake anasiya kuseka. Wotchi anayesa kufinyira mwana wake. Munatuluka timadontho tosaphimba n'komwe pansi pa kapu.

Usiku wachiwiri zinali chimodzimodzi. Dzanja pakakolo. Khonde. Benchi. Kapu ya seveni.

M'mawa mwake linali tsiku la sikelo. Namwino wamkulu anamuitanira pambali, kapu ya seveni ili m'manja.

"Mayi, kapu iyi tinaitaya tsiku lomwe lija. Kawiri tsopano tikuipeza pathireyi, ilibe kanthu, mkati muli fungo la mkaka. Palibe nesi akuvomera kuti anamwetsa. Mlonda akuti amakuonani pabenchi 2 koloko, mukuyankhula nokha."

Wotchi anawerama.

"Sindikukufunsani. Ndikungokuuzani. Kumwetsa mwana mkaka wa mayi wina muno saloleza. Ndipo wanu watsika, watsika kwambiri. Mukapitiriza zimenezi, mudzalira ana awiri."

"Nanga wa seveni, a nesi?"

Namwinoyo anazengereza. "Mausiku awiriwa wagona osalira."

Masana anamulola kulowa kukaona mwana wake. Anapisa dzanja pakabowo ka bokosi. Nthiti zinkawerengeka. Khungu la pantchafu linali lakwinyika ngati nsalu yosasita. Kamwanako kanagwira chala chake, koma kanalibe mphamvu yofumbata. Mabokosi awiri kuchokera pamenepo panali wa seveni, tsitsi lake lambiri, lakuda bii. Wotchi sanapiteko. Anatuluka akuyang'ana pansi.

Usiku wachitatu sanagone. Anamwa madzi mabotolo awiri, anakhala tsonga atatsamira khoma, manja atapingasa pachifuwa. Anaona 1 koloko ikudutsa. Anamva Amake Mapasa akuliza mkonono.

Tho. Tho.

Sanaone pamene analowera. Anangoona ali poima pake paja.

"Achemwali, nthawi."

"Sindipita, mng'ono wanga."

Mzime anapendeketsa mutu.

"Ndilibe. Mkaka wanga ndi wokwanira mmodzi. Ukudziwa iwe, unkandiona ndikufinya." Misozi inayamba kutsika. "Undikhululukire. Ndinkayesa ndi thukuta lomwe lija. Ndinakugwira pachipumi, ndinamva moto, koma ndinati ndi madzi chabe. Ndikanaitana a nesi."

Tho. Tho.

"Munandipukuta kumaso," anatero Mzime. "Ndinamva. Palibe anandipukutapo chibadwire cha mwanayu."

Mawu ake analibe mkwiyo. Zikanakhala bwino akanakalipa.

"Ndiye simubwera?"

"Sindingathe."

Mzime anayang'ana kapu yake. Anaiika bwinobwino pakakabati ka pambali pa bedi, ngati munthu wobweza chinthu chobwereka.

"Chabwino, achemwali. Ndikamutenge ndekha."

Anatembenuka. Madontho aja anayamba kumveka patali, kulowera ku khonde.

Wotchi anakhala chouma kwa kamphindi. Kenako mawu aja anamufika. Anadumpha pabedi opanda masilipasi, anathamanga, anaterereka pamadzi, anadzuka. Ulendo uno anakuwa. Anakuwa mpaka wodi zina zinayatsa magetsi.

"A nesi! Seveni! Kaoneni seveni!"

Namwino wa usiku anatuluka ndi maso a tulo. "Ndangomuona pompano mayi, wagona bwino."

"Kaoneninso! Chonde!"

Analowa. Sipanathe mphindi, kabelu kanayamba kulira. Kunabwera namwino wina, kenako dokotala akuvala chovala chake panjira. Chitseko chinatsekedwa. Wotchi anakhala pabenchi. Pa 3 koloko anzake anabwera okha, popanda wowadzutsa. Amake Mapasa anamuikira kapu yake m'manja.

"Finya, mwana wanga. Wako akudikira."

Anafinya. Unafika pamzere wachiwiri.

Kutacha, chitseko chili chotsegula, anaona wokolopa akupukuta bokosi la seveni ndi mankhwala, mkati ndi kunja.

Nkhaniyo inayenda m'manong'onong'o. Namwino wamkulu anati kamwanako kanali ndi vuto la m'matumbo chibadwire, sikakanapita patali. Wokolopa anati wakolopa khonde limenelo zaka zambiri, denga silidontha, koma masiku atatu amenewo ankapeza madzi kuchokera pawodi mpaka pabenchi. Amake Mapasa anangoti, "Mayi sasiya mwana wake ndi njala. Anafunsa kaye kwa anzake. Atasowa, anatenga wake." Atanena anazindikira amene akumva, n'kudzigwira pakamwa.

Mwana wa Wotchi anakwera sikelo. Patatha masabata awiri bambo ake anabwera ndi kabulangeti katsopano, anapita kunyumba. Thukuta lija linayamba kuchepa, kenako linatha lokha, monga ananenera namwino.

Ndiye mkaka unabwera. Unabwera wosapemphedwa, wonyowetsa malaya atatu pa tsiku, wodontha pansalu za makasitomala ali pamakina. Mwana ankayamwa bere limodzi n'kukhuta, n'kugona mkaka uli m'mbali mwa kamwa. Linalo linkatupa, kuwawa ngati chithupsa, mpaka alifinyire m'beseni.

Apongozi ake ankayamikira. "Mwaona? Mulungu ndi wabwino. Umenewu ndi mkaka wolera nawo mapasa!"

Wotchi ankanyamula beseni lija kupita nalo kuseri kwa nyumba, n'kuima nalo nthawi yaitali asanataye.