Nyimbo ya Pamaliro a Eness

Gabson ananyamuka mochedwa ku Lusaka, ndipo wolakwa anali Oswell, msuweni wake wa pakamwa posatseka. Oswell ankagwira ntchito pa ofesi ina yokhala ndi kompyuta. Mabwana ataweruka, anamukokera Gabson mkati kuti aone zodabwitsa.

Zodabwitsazo zinali nyimbo ya Gabson yemweyo. Munthuyu ankayenda ndi kawailesi kojambulira mawu, n'kumatola kulira kwa achule, mabelu a njinga, amayi akusinja, kenako n'kusakaniza ndi kiyibodi. Koma kaseti imene Oswell anaikonda inali ya 1994, ya pamaliro a Eness, mkazi wa Gabson. Tsiku limenelo misozi inamukana. Anthu akulira, iye anaima pambali pa dzenje, chala pa batani lofiira, akujambula ba Constance, mayi amene ankayambitsa nyimbo pamaliro onse a m'mudzimo. Ataika, anakwera basi. Zaka zisanu sanapondekonso.

"Ndinaiika pa intaneti, ilipo kuyambira Epulo," anatero Oswell. "Amvera kale anthu mazana anayi! Ena ali kutsidya kwa nyanja, kumene dzuwa limawala ife tikugona. Mzungu wina walemba kuti amaimvera akuphika."

"Nanga nditafuna kuichotsa?"

"Pano nditha kufufuta. Koma aliyense anakopera kale yake, msuweni."

Gabson sanamve kukoma, sanamvenso chisoni. Anangogwedeza mutu, n'kunyamula chikwama. Anali atalonjeza apongozi ake, ba Fridah, kuti chaka chino abwera kudzaona manda.

Basi inamutsitsa pamphambano ya ku Mpanshya usiku uli pakati. Panalibe njinga, panalibe galu. Anayamba kuyenda. Mtima wake unali ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali, ukautsina osamva kanthu. Mwa chizolowezi anatulutsa kawailesi kaja, n'kudina batani kuti ajambule nkhululu. Kagetsi kofiira kankaphethira nkhululu zikalira.

Njira inatsetserekera ku kamlatho ka matabwa, kumunsi kwa manda. Atafika pamenepo, nkhululu zinangoti zii. Kagetsi kanaleka kuphethira.

Pamlathopo panali munthu.

Mayi wachikulire, chitenje kumutu, atakhala m'mphepete. Analibe nsapato. Mapazi anali otupa, ong'aluka, oyera ndi fumbi ngati a munthu woyenda miyezi.

"Maliro ali kuti, mwananga?"

Mawuwo anawadziwa. Aa, akanawaiwala bwanji, poti anawabweza m'makutu mwake kosawerengeka?

"Ba Constance, ndinu? Muli bwanji, amayi? Ndine Gabson."

"Ndatopa, Gabson."

Gabson anayang'ana kawailesi m'manja. Iye akayankhula, kagetsi kankaphethira. Mayiwo akayankhula... ayi. Kanali phee.

"Ndikangoti ndigone, ndimamva ndayambitsa nyimbo," anatero. "Ndiye ndimadzuka. Umandidziwa iwe, ine ndikayambitsa sindikhala pansi mpaka dzenje litakwiriridwa. Ndimayenda, ndimayenda. Nyumba ya maliro sindiipeza. Wolira palibe. Ena akuseka, ena akukazinga anyezi."

Mayiwo anapitiriza.

"Eness nayenso amadzutsidwa. Timamunyamula, timamutsitsa, timakwirira. Tisanasambe m'manja, yayambanso." Anatembenuka, koma chitenje chinabisa nkhope. "Kodi mkazi wako umuika kangati?"

 

Mayiwo anapendeketsa mutu ngati akumvetsera kutali.

"Imva... wina wadinanso."

Anaimirira movutika. Anatsegula pakamwa. Nyimbo inatuluka.

Koma inu! Siinatuluke yokha. Kunayamba kusokosera kwa kaseti, shiii... Kenako mawu awo, a zaka zisanu zapitazo, osakalamba. Kenako chifuwa cha mwamuna wina amene anatsokomola pamanda tsiku lija. Pamalo pomwepo! Ndipo pansi pa zonsezo, kuchokera pakhosi pa mayi wokalamba... kiyibodi. Kiyibodi yake!

Ba Constance anawoloka mlatho, akuimba. Matabwa sanalire. Anakwera kulowera kumanda, ndipo m'mitengo munamveka khasu likugunda dothi. Kamodzi. Kawiri.

Gabson sanathawe. Miyendo inangomunyamula yokha, pang'onopang'ono, ngati ya munthu wina. Sanacheuke.

Anafika m'mudzi tambala atalira kachiwiri. Anakhala pachitsa kuseri kwa nkhokwe mpaka ba Fridah anatuluka ndi tsache. Anawalonjera atanjuta chapatali, monga mkamwini. Atafunsana za moyo, ananena ndi mawu ouma:

"Ndakumana ndi ba Constance pamlatho. Mapazi awo afunika kuchipatala."

Tsache linagwa.

"Ba Constance ati, atate?"

"Oyambitsa nyimbo."

Ba Fridah anakhala pansi pomwepo, pafumbi.

"Ba Constance tinawaika mu 95, chaka chitangotha cha Eness. Pamaliro pawo panasowa woyambitsa nyimbo, tinangong'ung'udza. Agona moyandikana ndi mwana wanga." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndi chifukwa chake ndinakuitanani. Zaka zonsezi manda awiriwo anali bwino, udzu unamera. Koma kuyambira Epulo sakhazikika. Timasalaza madzulo, m'mawa tipeza dothi lofiira, lonyowa, ngati taika dzulo. Mwana wanga sakugona, atate. Talakwa chiyani ife?"

Gabson anayang'ana apongozi ake, anayang'ana kawailesi. Anadikira misozi. Siinabwere.

Anatsegula kumbuyo kwa kawailesiko, n'kuchotsa mabatire onse anayi, n'kuwaika pansi mmodzimmodzi, ngati kuti zithandiza.

Kutsidya kwa nyanja inali nthawi yophika.